Imfa zimene sitikuziwerenga: mankhwala ozunguza bongo ndi maliro a ku Chemusa

Miyezi ingapo yapitayo tinaswalira janaza ya mnyamata wina kuno ku Chemusa. Anali asanakwanitse zaka 25. Tinamuphunzitsapo ku madrassah ali wamng'ono, ndipo anali m'gulu la ana amene sankavuta kuloweza. Pamaliropo uthenga unali wakuti "anangodwala pang'ono". Koma titachoka kumanda, anzake awiri anatitengera pambali n'kutiuza zimene zinachitika. Usikuwo anafika kunyumba atamwa mapilitsi pamodzi ndi mowa wa m'timabotolo. Anagona akuliza mkonono wachilendo. A m'nyumbamo anati musiyeni, zimuthera kutuloko. Kutacha anamupeza atazizira.

Tinamuika m'manda tsiku lomwelo pambuyo pa swala ya Dhuhr, monga momwe Chisilamu chimatiphunzitsira kuti maliro asachedwe. Palibe dokotala amene anaona thupi lake, palibe pepala limene linalembedwa chimene chinamupha. M'mabuku a dziko lino, imfa imeneyi ya mankhwala ozunguza bongo mulibe.

Abale ndi alongo, nkhani yathu lero yagona pamenepa. Maiko amene amawerenga imfa zotere aona kuti sizikhazikika pa gulu limodzi la anthu. Zimayamba ndi awa, mawa zasamukira kwa ena amene ankati sizikuwakhudza. Ife amene sitikuwerenga tidzazindikira mochedwa kuti zasamukira m'nyumba zathu.

Mankhwala amene tikukamba

Padziko lonse, imfa zambiri za mankhwala ozunguza bongo zimachokera ku gulu la mankhwala otchedwa opioid. Ena amapangidwa kuchokera ku utomoni wa duwa la poppy, ena amapangidwa m'fakitale motengera omwewo. M'gululi muli morphine, codeine, pethidine ndi tramadol, amene madokotala amapereka kwa anthu omva ululu, komanso heroin yemwe amagulitsidwa mozemba. Mulinso fentanyl, amene mphamvu yake imaposa ya heroin pafupifupi maulendo 50.

Mankhwalawa amapha mwakachetechete. Amafooketsa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma. Munthu amagona, kupuma kumachepa pang'onopang'ono, mpaka kumasiyiratu. Akawaphatikiza ndi mowa kapena mapilitsi ogonetsa tulo monga diazepam, ngoziyo imakula kwambiri chifukwa zonsezi zimakankhira kupuma mbali imodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 600,000 anamwalira pa zifukwa zokhudza mankhwala ozunguza bongo, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse imfa zawo zinali zokhudza ma opioid.

Zimene dziko la America linaona litawerenga

Tiyambe ndi America, chifukwa kumeneko imfa iliyonse imalembedwa pamodzi ndi chimene chapha munthu, zaka zake, mtundu wake ndi kumene amakhala.

M'chaka cha 1999, anthu pafupifupi 17,000 anamwalira kumeneko chifukwa chomwa mankhwala mopyola muyeso. Pofika 2022 chiwerengerocho chinali pafupifupi 108,000 m'chaka chimodzi. Mliriwu sunayambire m'makwalala ayi, unayambira m'chipatala ndi m'famase. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mapilitsi a ululu otchedwa OxyContin, ikuuza madokotala kuti savuta kusiya. Pambuyo pake kampaniyo inavomera milandu kukhoti, mu 2007 ndi mu 2020. Oyamba kufa ambiri anali azungu a m'madera akumidzi ndi m'matauni a migodi ngati ku West Virginia, anthu ogwira ntchito zolemetsa amene anapita kwa dokotala ndi msana wowawa.

Boma litakhwimitsa malamulo pa mapilitsiwo, anthu amene anali atazolowera kale sanasiye. Cha m'ma 2010 ambiri anasamukira ku heroin yemwe anali wotsika mtengo. Kuyambira 2013 fentanyl analowa pamsika, ogulitsa akumusakaniza mu heroin, mu cocaine ndi m'mapilitsi abodza, wogula osadziwa. Apa ndi pamene maliro anasamuka. Bungwe la zaumoyo la kumeneko la CDC linapeza kuti kuchoka 2019 kufika 2020, imfazi zinakwera ndi 44 peresenti pakati pa anthu akuda, 39 peresenti pakati pa mitundu ya eni nthaka a dzikolo, ndi 22 peresenti pakati pa azungu. Abambo akuda a zaka 65 kupita m'tsogolo ankafa mochuluka pafupifupi maulendo 7 poyerekeza ndi azungu a msinkhu womwewo. Mwa anthu 10 omwalira, pafupifupi 7 anali amuna.

Vuto limene anthu ankalitcha "la azungu akumidzi" linasanduka la nkhalamba zakuda za m'mizinda. Ndipo magulu amene anayamba kufa kwambiri ndi omwewo amene chithandizo sichinkawafika mokwanira. Mu 2024 chiwerengero chinatsika kufika pafupifupi 80,000. Chimodzi mwa zimene akatswiri amatchula ndi kufala kwa naloxone, mankhwala amene amabweza kupuma kwa munthu amene wamwa opioid wambiri, amene kuyambira 2023 amagulidwa m'sitolo popanda kalata ya dokotala. Anatha kuwafikitsa kwa oyenera chifukwa ankadziwa amene akufa ndi kumene akufera.

Msewu wake wadutsa pakhomo pathu

Wina anena kuti za ku America n'zakutali. Tiyeni tiyang'ane anansi athu.

Heroin wochokera ku Afghanistan wakhala akudutsa pa nyanja ya Indian Ocean m'zombo zamatabwa, n'kutsikira m'magombe a Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, kenako n'kuyenda pamsewu kulowera ku Johannesburg. Katundu wotere akamadutsa, wina amatsala m'njira. Ku Tanzania vutoli linakula mpaka mu 2011 boma linatsegula chipatala chothandiza ozolowera heroin ku Muhimbili mu Dar es Salaam, kumene amapatsidwa mankhwala a methadone tsiku lililonse. Ku South Africa kuli nyaope, ena amati whoonga, amene ndi heroin wosakaniza ndi zina yemwe amasutidwa ndi chamba, ndipo wawononga achinyamata ambiri m'makomboni a Gauteng ndi Durban. Amenewa ndi madera omwe ana athu a ku Chemusa, Ndirande, Bangwe ndi Mangochi amakasaka ntchito. Ku Zimbabwe achinyamata amamwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene amawatcha bronco.

Kumadzulo kwa Africa vuto lalikulu ndi tramadol ndi codeine. Dziko la Nigeria linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu 2018, ndipo madera amene anakhudzidwa kwambiri anali ngati Kano, mzinda wa Asilamu ochuluka. Ku Sierra Leone, Pulezidenti Julius Maada Bio analengeza mu April 2024 kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha kush. Atayeza kush ameneyu anapezamo mankhwala otchedwa nitazene, ma opioid a m'fakitale amphamvu ngati fentanyl kapena kuposa.

Pali chinthu china choyenera kuchiyang'anitsitsa. Mu 2022 olamula ku Afghanistan analetsa ulimi wa poppy, ndipo bungwe la United Nations loona za mankhwalawa linati mu 2023 ulimiwo unatsika ndi 95 peresenti. Imeneyi ikumveka nkhani yabwino, koma akatswiri anachenjeza kuti heroin akasowa, ogulitsa amatseka mpatawo ndi mankhwala a m'fakitale amene amapha msanga. N'zimene zinachitika ku America. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Kuno kwathu timawerenga pokhapokha afe ambiri tsiku limodzi

Malamulo tili nawo. Pali lamulo la Dangerous Drugs Act la m'nthawi ya atsamunda, pali bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala ndi mafamase, ndipo mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti. Koma masacheti atachoka panabwera timabotolo. Lamulo la chamba la 2020 linaloleza kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala kwa okhala ndi chiphaso, ngakhale achinyamata ena analimva ngati chilolezo chosuta.

Chimene chikusowa ndi kuwerenga. Kulembetsa imfa ku National Registration Bureau ndi lamulo, koma anthu ambiri amafera kunyumba, ndipo ngakhale imfayo ilembedwe, chimene chapha munthu sichiyezedwa. Kuyeza magazi a womwalira kuti aone mankhwala amene anamwa kumachitika mwa apo ndi apo, kawirikawiri pakakhala mlandu wa polisi.

Kumbukirani mwezi wa April 2024. Amuna angapo a m'makomboni a Blantyre, kuphatikizapo Manase, anamwalira atamwa mowa umene anthu anaupatsa dzina loti "Ambuye n'tengeni", ena atafika nawo kale ku chipatala cha Queen Elizabeth. Nyuzipepala zinalemba, wailesi zinakamba, apolisi anayenda m'malo ogulitsira. Dziko linadzidzimuka chifukwa anafa ambiri m'masiku ochepa. Koma uja wofa yekha Lachiwiri ku Chemusa, wina Lachisanu ku Chilomoni, wina mwezi wamawa ku Machinjiri, palibe amene amawaphatikiza. Aliyense amaikidwa ndi dzina la matenda ena: malungo, BP, kukomoka, kapena kulodzedwa.

Ndani ali pa ngozi m'makomboni athu?

Ife amene timaphunzitsa ku madrassah m'mawa ndi ku sekondale masana, komanso kuitanidwa pa maliro ndi pa milandu ya m'mabanja, timaona magulu angapo, ndipo aliyense ali ndi khomo lake lolowera.

Oyamba ndi anyamata ogwira ntchito zathukuta: akabaza, oitanira minibasi, onyamula katundu mumsika, oswa miyala. Ambiri sayamba chifukwa chofuna chisangalalo. Amayamba chifukwa thupi likuwawa ndipo mawa ayenera kudzukanso m'bandakucha. Mnzawo amawapatsa pilitsi "lopatsa mphamvu". Likayamba kuchepa mphamvu amamwa awiri, kenako anayi. Tramadol wambiri amagwetsa munthu ngati wa khunyu, ndipo akakumana ndi mowa amatseka kupuma.

Achiwiri ndi ana asukulu. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi theka la anthu a m'dziko lino ndi osakwana zaka 18. Mwana amene sangalowe m'bala atavala yunifolomu angathe kunyamula botolo la mankhwala a chifuwa m'chikwama, kulithira m'chakumwa chozizira, mphunzitsi osakayika chilichonse. Silinunkha ngati mowa kapena chamba. Kholo lachisilamu limene limanunkhiza m'kamwa mwa mwana wake silipeza kanthu.

Achitatu ndi obwerera kuchokera ku Joni ndi otuluka kundende ngati ya Chichiri. Apa pali mfundo imene aliyense aigwire. Munthu akasiya opioid kwa milungu ingapo, thupi lake limataya kuzolowera kuja. Akabwerera n'kumwa muyeso womwe ankamwa kale, muyeso womwewo umamupha. N'chifukwa chake m'maiko amene amawerenga, milungu yoyamba munthu atatuluka kundende ndiyo yoopsa kwambiri. Kwa ife Asilamu mfundoyi ikukhudzanso Ramadhan. Pali achinyamata amene amayesetsa ndi mtima wonse kusiya m'mwezi wosala. Masiku otsatira Eid ndi amene afunika kukhala nawo pafupi, osati kuwatayirira poganiza kuti achira.

Achinayi ndi amayi, ndipo awa ndiwo obisika koposa. Mayi wopanikizika ndi ngongole za banki m'khonde, kapena banja losayenda, kapena mwamuna amene anapita ku Joni osatumizanso uthenga, amagula mapilitsi ogonetsa tulo pa kagolosale. Samwera pagulu, sapezeka m'ngalande, choncho palibe amamukayikira. Akapezeka atakomoka banja limabisa kwambiri kuposa momwe likanabisira za mnyamata.

Achisanu ndi akuluakulu odwala matenda okhalitsa amene amamwa mankhwala a ululu ogula okha, osadziwa muyeso, kuphatikiza a kuchipatala, a pamsika ndi a zitsamba.

Tikaona magulu amenewa, funso loti "kodi Msilamu angafe ndi zimenezi?" layankhidwa kale. Akabaza ambiri ndi ana athu. Opita ku Joni ambiri ndi ana athu.

Kubisa dzina ndi kubisa ngozi n'zosiyana

Chilamulo cha Deen yathu pa zoledzeretsa n'chodziwika. Ndime 90 ya Surah Al-Maidah inatseka nkhani ya mowa, ndipo ma ulama amagwirizana kuti chilichonse chophimba nzeru chimalowa m'chiletso chomwecho, kaya ndi chakumwa, chosuta kapena pilitsi lomwedwa popanda matenda. Pamenepa palibe mtsutso.

Pamene tapunthwa ndi pa manyazi. Chifukwa chinthucho ndi haraam, banja limaopa kunena, ndipo mantha amenewo amafika mpaka pa ola limene munthu akanapulumuka. Bambo amaona mwana wake sakudzuka, koma akaganiza zonyamula mwana woledzera kudutsa pamaso pa anthu amene amaswali nawo, amati tidikire kuche. Ena amafika naye kuchipatala koma osauza dokotala chimene wamwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

N'zoona kuti Chisilamu chimatilamula kubisa zolakwa za m'bale wathu. Sitikunena kuti pa janaza pazilengezedwa machimo a womwalira. Koma kubisa dzina la munthu ndi kubisa ngozi imene ikudikira ana ena ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuteteza moyo ndi kuteteza nzeru zili m'gulu la zolinga zisanu zikuluzikulu za Shariah. M'buku la Sahih Al-Bukhari muli nkhani ya swahaba wina amene ankabweretsedwa mobwerezabwereza chifukwa cha mowa. Munthu wina atamutemberera, Mtumiki (Mtendere ndi Madalitso a Mulungu apite kwa iye) anamuletsa, ndipo anachitira umboni kuti woledzerayo amakonda Allah ndi Mtumiki wake. Tchimolo silinasanduke halaal, koma munthuyo sanatayidwe kunja kwa mzikiti.

Tisalange odwala khansa

Pali mbali ina imene tikaiwala tilakwitsa. Morphine yemweyo ndi chifundo cha Allah kwa mayi amene akubuula ndi khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene Malawi ali m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse. Gulu la akatswiri limene magazini ya zaumoyo ya The Lancet inasonkhanitsa linati mu 2017 theka losauka la anthu a padziko limalandira pafupifupi 1 peresenti yokha ya mankhwala a ululu a mtunduwu. Ku America anafa chifukwa mankhwala anachuluka, kuno ambiri amafa akumva ululu chifukwa mankhwala sawafika.

Ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, kumene odwala otere amathandizidwa ndi morphine wamadzi pa muyeso wa dokotala. Tamvapo mabanja akukaniza wodwala wawo mankhwalawa poganiza kuti ndi haraam. Si choncho. Mankhwala operekedwa ndi dokotala chifukwa cha ululu weniweni ndi ololedwa. Udindo wa banja ndi kuwasunga pamalo okhoma, kutsata muyeso, ndi kubweza otsala kuchipatala wodwala akamwalira, kuti asagwere m'manja mwa mdzukulu.

Zoyenera kuchita

Choyamba, nyumba iliyonse idziwe zizindikiro. Munthu sakudzuka ngakhale mumugwedeze kapena kumutsina. Akupuma motalikiratalikira kapena akuliza mkonono wokhala ngati akutsamwa. Kamwana ka diso kachepa ngati nsonga ya singano. Milomo ndi zikhadabo zasintha mtundu. Mukaona izi musadikire kuche. Musamumwetse mkaka, madzi amchere kapena phala, chifukwa zimalowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, pezani galimoto, thamangirani kuchipatala. Tengani botolo kapena pepala la mapilitsi amene wamwa, ndipo muuzeni dokotala zoona. Ngati wamwa mowa wosadziwika bwino n'kuyamba kuona mwachimbuuzi kapena kupweteka m'mimba, ngakhale patapita tsiku, nayenso n'ngwakuchipatala msanga.

Chachiwiri, tiyambe kuwerenga tokha. Masheikh ndi osambitsa maliro amamva zimene boma silimva. Mzikiti uliwonse ungathe kukhala ndi kope lolembamo, popanda dzina, zaka za womwalira, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ntchito yake, ndi zimene akukayikira kuti anamwa. Mizikiti ya Chemusa, Mbayani, Chirimba, Ndirande ndi Zingwangwa itaphatikiza makope amenewa pakutha pa chaka, tingakhale ndi chopita nacho ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre, ndipo tingadziwe ngati imfazi zikusamukira kwa ana asukulu kapena kwa amayi. Kumene imfa yabwera modzidzimutsa, kulola dokotala kuona thupi kwa maola ochepa sikuphwanya Sunnah yofulumizitsa maliro.

Chachitatu, tidziwe kotumiza amene akufuna kusiya. Dua ndi tawbah ndizo maziko, koma thupi lozolowera limafunanso chipatala, ndipo kusiya mwadzidzidzi mowa wambiri kapena diazepam popanda dokotala n'koopsa. Ku Queen Elizabeth kuli gawo la matenda a maganizo, ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matendawa, ndipo a St John of God ali ndi malo othandizira ozolowera mowa ndi mankhwala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndalama za zakaat ndi sadaka zingathe kulipirira ulendo wa mnyamata wosauka kupita kumeneko.

Chachinayi, kwa abale athu a mafamase ndi magolosale: kugulitsa codeine, tramadol kapena diazepam kwa mwana wopanda kalata ya dokotala si malonda, ndipo phindu lake si halaal. Kwa aboma, pempho lathu ndi lakuti naloxone azipezeka m'zipatala zing'onozing'ono za m'makomboni, ndi kuti imfa zadzidzidzi za achinyamata ziziyezedwa.

Mnyamata uja tinamuika akanakhala ndi mwayi wopulumuka pakanapezeka munthu mmodzi m'nyumbamo wodziwa kuti mkonono uja sunali tulo. Kuchoka ku Chemusa kufika ku Queen Elizabeth pagalimoto usiku si ulendo wa ola. Lachisanu likubwerali, aliyense wa ife amene adzaime pa mimbar atenge mphindi zisanu kuphunzitsa zizindikiro zimenezi, ndipo amayi aziphunzitsane m'magulu awo a taalim.

Tikupempha Allah awakhululukire amene anatsogola, awachiritse amene akulimbana ndi chizolowezichi, ndipo ateteze ana athu. Ameen.